Chitoliro chandidyera tsiku

Lachinayi. Ndinadzuka nditatsimikiza kuti kanyimbo kaja kathe lero, koma mpaka pano sikanathe, ndipo wolakwa ndi chitoliro chimene ndinaika dzulo usiku mu sampler, pulogalamu yoliza masampulo, mawu a zida zoimbira ojambulidwa kale. M'mahedifoni, tulo tili m'maso, chinkamveka bwinobwino. M'mawa uno nditachiyatsa pa masipika, noti yaitali ya kumapeto kwa kolasi inalira ngati sayirini ya ambulansi. Wiiu, wiiu. Ndinayamba ndaseka, kukwiya kunabwera pambuyo.

Poyamba ndinaloza chala liwiro la LFO, kanthu kaja kamene kamakweza ndi kutsitsa mawu mobwerezabwereza. Kanali pa 6 Hz, ndiye kuti ka 6 pa sekondi. Ndinakatsitsira pa 3, koma zinangoipiraipira, chitoliro chinayamba kudzandira ngati munthu amene wakhuta mowa. Ndinabwezera pa 5.5, poti oimba vayolini ngakhale oimba pakamwa amanjenjemeretsa mawu ka 5 mpaka ka 7 pa sekondi, ndipo khutu linazolowera pamenepo. Liwiro linalibe mlandu.

Cha m'ma 11 koloko ndinatsegula fayilo ya SFZ ya chitolirocho, imene imauza sampler kalizidwe ka mawu ake. Ubwino wa SFZ ndi wakuti ndi mawu olembedwa basi, umawerenga ngati kalata. Pamzere wina ndinapeza pitchlfo_depthcc1=1200. Ndinalemba ndine ndemwe, sindinganamizire munthu. Nambala imeneyi ndi ya masenti a kamvekedwe: kuchoka pa noti imodzi kupita pa yoyandikana nayo pakiyibodi ndi masenti 100, okitevu yonse, masitepe 12 otere, ndi 1200. Ndiye kuti ndinauza kagudumu ka mod wheel, kamene kali pambali pa makiyi a kiyibodi, kuti ndikakakankha mpaka kumapeto, mawu azikwera okitevu yathunthu n'kutsikanso ina. Pojambula ndinangokakhudza pang'ono, kanafika pa 20 mwa 127, koma 20 yomweyo inali kale masenti pafupifupi 190. Pafupifupi manoti awiri athunthu, kukwera ndi kutsika! Ambulansi ija inachokera pamenepo.

Apa mpamene ndakhala nthawi yaitali ndikuganiza, chifukwa nkhani si kuchepetsa nambala kokha. Kagudumu kameneka kamatumiza uthenga wa CC1, nambala youza sampler pamene kafika, ndipo chiyambire MIDI (njira imene zida zoimbira ndi kompyuta zimalankhulirana) mu 1983 uthengawu umayenda kuyambira 0 kulekeza 127. Masitepe ndi omwewo, kaya wauza kagudumu kayendetse mtunda wautali kapena waufupi. Pa 1200, sitepe iliyonse imalumpha masenti oposa 9, moti malo onse amene chitoliro chimamveka ngati chitoliro anapanikizika m'masitepe atatu oyambirira. Chala changa sichingathe kuima pamenepo. Nditalemba 30, sitepe iliyonse inakhala ngati kota ya senti, ndipo gudumu lonse linakhala langa. Pakati pali kunjenjemera kofatsa, kumapeto kuli kolira ndithu koma kosachititsa manyazi. Ena amakonda kusiya nambala yaikulu kuti mwina idzafunika tsiku lina. Ine ndaona kuti kumeneko n'kudzimana.

Masana ndinaonjezera pitchlfo_delay=0.3 ndi pitchlfo_fade=0.5 (nambalazi ndi masekondi), kuti noti iziyamba yowongoka, kunjenjemera kuzilowa pang'onopang'ono monga amachitira woliza chitoliro weniweni. Manoti aafupi anayera nthawi yomweyo. Izi zokha zinalibe vuto.

Koma manoti atatu apamwamba anapitiriza kugwedera modabwitsa, ngati akupuma movutikira. Ndinabweza kagudumu pa 0, akunjenjemerabe. Kani masampulo amenewo anajambulidwa woimbayo akunjenjemeretsa kale, ndiye kwake ndi kwa LFO yanga zimalimbana, pena kugwirizana pena kutsutsana. Ndinawasintha ndi ena osalala a m'foda yomweyo, amene ndinawadumpha dzulo chifukwa maina ake ankafanana.

Madzulo ndinajambulanso mzere wonse, dzanja lamanja pa makiyi, lamanzere pa kagudumu. Ulendo wachinayi ndi umene ndausunga. Nditabwerera koyambirira kuti ndimvetsere nyimbo yonse, noti yoyamba inatuluka ikunjenjemera kale, chifukwa ndinaimitsa nyimbo CC1 ili pa 90 ndipo sampler inangosunga nambala yomaliza imene inalandira. Ndaika kadontho kobwezera CC1 pa 0 pa bala yoyamba, koyambirira kwa nyimbo. Mawa ndi tsiku la besi, ndipo fayilo yake ndinailembanso usiku womwe uja.