Dothi lakuda si lonse lobereketsa

Munthu akandifunsa chothira m'bedi lokwezeka, lija lotchinga ndi matabwa kapena njerwa m'mbali, ndimayamba ndamuletsa chinthu chimodzi: asatengeke ndi kuda kwa dothi. Dothi la pamalo odikha madzi limakhala lakuda bii, koma likauma limagwirana gwa mpaka kung'aluka, ndipo mizu ya mbande imakanika kudutsamo. M'bedi lotere mizu ilibe kothawira, imadya zomwe mwathiramo basi.

Ine dothi ndimaliyesa ndisanalikweze pa wilibala. Ndimalinyowetsa pang'ono n'kulifumbata. Likaumbika koma n'kuphwasuka ndikalikhudza ndi chala, ndilo ndikufuna. Likamatirira m'manja n'kumanyezimira, dongo lachuluka. Ndikakayikabe ndimathira dothi theka la botolo lagalasi, kudzaza madzi, kukhutchumula kwambiri n'kuliika pansi. Mchenga umakhazikika pakangotha mphindi imodzi, matope osalala amatsatira patapita maola angapo, dongo limasiya madzi ali ovunduka tsiku lonse, mwina awiri. Mizere itatuyo imaoneka bwinobwino pagalasi, ndipo ndimakondwa ndikaona tizinyalala towolerana tikuyandama pamwamba.

Lomwe ndimatenga ndi lapamwamba, masentimita 15 kapena 20 oyambirira. La m'mphepete mwa msewu waukulu kapena pomwe ankatayapo mabatire ndi penti wakale sindilikhudza, chifukwa pamalo otere pamatha kukhala mtovu, chitsulo chapoizoni, ndipo ukalowa m'dothi umakhala zaka zambirimbiri.

Theka la bedi limakhala dothi limenelo. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndi kompositi, chotsalacho masamba owolerana. Kudzaza bedi lonse ndi manyowa okhaokha ndimakana ndithu: amaphwa msanga bedi n'kutsika, mbewu n'kumangochita masamba osabereka.

Pa kompositi m'pamene mtima wanga uli. Ndimayala zouma, mapesi oduladula ndi masamba ogwa, kenako zaziwisi, udzu womweta ndi makoko a kukhitchini, kenako ndowe, n'kubwerezanso mpaka mulu ufike mita imodzi. Zouma zizichuluka kuposa zaziwisi. Madzi ndimathira oti ndikafinya m'manja kutuluke dontho limodzi kapena awiri okha. Pakapita masiku ochepa ndimazika ndodo pakati, ndipo ndikaizula imakhala yotentha. Mulu wabwino umafika madigiri 55 mpaka 65, kutentha komwe kumapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda. Ukayamba kuzizira ndimautembenuza kuti zakunja zilowe mkati. Ukanunkha ngati mkodzo ndiye kuti zaziwisi zachuluka, ndimaonjezera mapesi. Wakupsa umanunkhira nthaka, sutenthanso, ndipo nyongolotsi zimabwera zokha.

Zitosi za nkhuku zosawolerana zimawotcha mizu, choncho zimayamba zadutsa pamulu. Utuchi ndimangophimbira pamwamba, chifukwa ukasakanizika m'dothi tizilombo touwoletsa timalanda nayitrojeni, chakudya chobiriwitsa mbewu, masamba n'kuchita chikasu. Phulusa la nkhuni ndimawaza pang'ono chabe. Ndiwo zambiri zimakonda pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 6 ndi 7, ndipo phulusa likachuluka limaikweza kupitirira pamenepo.

Ndowe zochokera kwa ena zili ndi vuto losaoneka ndi maso. Mankhwala ena ophera udzu m'malo odyetsera ziweto, monga aminopyralid, amadutsa m'mimba mwa ng'ombe osawonongeka, ndipo ngakhale mulu utenthe bwanji amakhalamobe. Tomato ndi nyemba ndiwo amavutika kwambiri. Ndiye ndisanathire ndowe zachilendo ndimadzala nyemba m'timiphika tiwiri, kena kosakaniza ndi ndowezo, kena ka dothi lokhalokha. Pakatha masabata atatu ndimayang'ana nsonga. Masamba akapiringizika n'kuchepa m'kamphika ka ndowe, ndowezo sizilowa m'bedi langa.

Kuya kwa bedi masentimita 20 kumakwanira ndiwo zamasamba, karoti amafuna 30 kapena kuposa. Ndikamaliza kukolola sinditembenuzanso dothi. Ndimadula mbewu pansi n'kusiya mizu iwolere momwemo, kuthira kompositi wa masentimita 3 mpaka 5 pamwamba, kuphimbira ndi udzu wouma wopanda njere, n'kuthirira.