Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kusaka mawilo a Hamba ya bambo

M'gawo lapitalo ndinakusiyani nditatsitsa njinga ya malemu bambo pa mtanda wa denga la kitchini kwathu ku Dedza, ili bii ndi mwaye. Felemu inali yabwinobwino. Vuto linali mawilo.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo. Wilo lakutsogolo ndinalimaliza ndine. Ndili sitandade 4, bambo atadwala n'kusiya kupalasa, ndinazula masipoko onse ndi kutenga mkombero kumakayendetsa ndi kamtengo mumsewu wafumbi pamodzi ndi anzanga. Amayi amadziwa, koma mpaka lero sananditchulirepo. Habu yokha, chitsulo cha pakati pa wilo chija, ndi yomwe inapulumuka, anaisunga m'chitini cha misomali. Lakumbuyo linalipo, koma dzimbiri linali litaboola limu moti chala chimalowa.

Njingayi ndi Humber, imene akuluakulu amangoti Hamba. Bambo anabwera nayo kuchokera ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare, m'zaka za m'ma 1960. Dzina la Humber linagulidwa ndi kampani ya Raleigh ya ku Nottingham, ku England, mu 1932, choncho zitsulo zake n'zapachibale ndi za Raleigh. Mumaizindikira ndi foloko yakutsogolo, yomwe mbali iliyonse ili ndi timapaipi tiwiri.

Ndinayambira kolakwika: kugula matayala limu ndilibe. Ku Lilongwe ndinapeza mnyamata wogulitsa zipangizo za njinga za kaunjika, ndipo ndinamufunsa tayala la 28. Anandipatsa awiri okongola, mapanga ake akuthwa, pambali palembedwa 28 poonekeratu. Kufika kunyumba ndinayesa pa limu yowola ija. Ndinalimbana nalo ndi masupuni awiri a mayi a kunyumba mpaka imodzi inapindika, tayala osalowa. Za supuniyo tinakambirana usiku wonse.

Amene ananditsegula maso ndi mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo, pafupi ndi pamene akabaza amaima. Anatembenuza tayala lija, n'kulipukuta ndi chala chonyowetsa ndi malovu.

“Mwana wanga, kusukulu munapitako. Tawerengani apa.”

“622, bambo.”

Anatola tayala lakutha la kabaza: 40-635. Basi nkhani yonse inali pamenepo. Onsewo amatchedwa 28, koma nambala yachiwiriyo ndi kukula kwa limu m'mamilimita. Langa linali la njinga za masiku ano za ku Ulaya, lochepa ndi mamilimita 13. Hamba imafuna 28 x 1½, saizi yomwe njinga za ku India monga Hero ndi Avon zimavala. Ine ndimaganiza kuti ndikusaka chinthu chosowa, chonsecho chimandidutsa tsiku lililonse chitanyamula matumba a makala. Akanakhala kuti kulibe akabaza, sindikudziwa kuti ogulitsa akanasungiranji matayala amenewa.

Limu ndiye inatidyera nthawi. Mabuleki a Hamba si a waya, ndi a ndodo zachitsulo, ndipo mphira wake umakoka chokweza n'kugwira kumimba kwa limu, osati m'mbali. Ndiye pamafunika limu yotambalala ija yokhala ndi msana pakati, imene Angerezi amati Westwood. Kenako mabowo. Madala aja anandiuza kuti ndiwerenge pa habu: kutsogolo 32, kumbuyo 40, chifukwa katundu amalemera kumbuyo. Malimu amene ndinayamba kuwapeza anali a mabowo 36. Wogulitsa wina anandinyengerera kuti ndingogula wilo lathunthu, habu ya bambo ndiitaye. Ndinangomuyang'ana.

Ya 32 inapezeka sabata yomweyo. Ya 40 ndinadikira mwezi, mpaka mlamu wanga anaipeza ku Limbe n'kuitumiza pa basi itakulungidwa m'thumba la feteleza. Kunena zoona chitsulo chake n'chopepuka poyerekeza ndi chakale, ndipo kuwala kwake sindikukhulupirira kuti kupirira dzinja zitatu. Koma ndi yomwe ilipo.

Tsiku lomanga ndinakhala pa njerwa kuyambira m'mawa. Madala analowetsa masipoko mmodzimmodzi osayankhula, kenako anatembenuza njinga miyendo m'mwamba, n'kumazunguza wilo chala chachikulu atachigunditsa pa foloko. Limu ikakhudza chikhadabo, amakhwimitsa sipoko ya mbali inayo pang'ono chabe. Nthawi zina amawakhwatula ngati zingwe za bangwe kuti amve yolira mosiyana. Mkati mwa limu anayalamo chidutswa cha chubu chakale kuti mitu ya masipoko isaboole chubu chatsopano.

Titapopa, ndinaikankha mpaka kunyumba, poti tcheni inali isanabwerere. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba. Anayang'ana wilo lakutsogolo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

“Limeneli musakayendetsenso mumsewu,” anatero, n'kubwerera ku nyemba zawo.

Gawo likubwerali ndi la tcheni ndi chishalo.