Sabata ya sitima zomira

Chaka chilichonse mu Julaye, mwera ukamawomba, ndimapatula sabata imodzi kuphunzitsa achinyamata ofuna ntchito ya m'sitima nkhani za ngozi zakale za pamadzi. Ndimachitira dala nyengo imeneyi, chifukwa kuno ku Monkey Bay nyanja imakhala ikulira kuseri kwa kalasi, kundithandiza kuphunzitsa.

Lolemba ndinawauza kuti atchule sitima iliyonse yomwe inamira. Onse anati Titanic. Ena ankadziwa ngakhale chaka chake, 1912, komanso kuti mabwato opulumukira anali 20 okha. Nditafunsa za Vipya, manja anakwera awiri, ndipo mmodzi ankayesa ndikunena mapiri a kumpoto.

Ndiye Lachiwiri lonse linathera pa Vipya. Pa 30 Julaye 1946, paulendo wake wachinayi wokha, sitimayi inanyamuka ku Mbamba Bay kuwoloka nyanja yathu yomweyi, mwera utakula. Inagubuduzika isanafike ku Florence Bay, kumunsi kwa Livingstonia, ndipo anthu 145 anathera pomwepo, kuphatikizapo Kaputeni Farquharson. Ilala imene ophunzira anga ambiri anakwerapo inayamba kuyenda mu 1951, kudzatseka mpata womwe Vipya inasiya.

Lachitatu ndinabwera ndi beseni la kunyumba, mayi a kwathu asakudziwa. Ndinathiramo madzi pang'ono chabe, n'kuuza mnyamata wina wamphamvu kuti aliyendetse mpaka pakhomo. Atangopendeketsa pang'ono, madzi onse anathamangira mbali imodzi, buluku n'kunyowa. Kalasi inafa nako kuseka. Koma n'zimene zinagwetsa sitima ya Herald of Free Enterprise potuluka padoko la Zeebrugge ku Belgium pa 6 Marichi 1987: zitseko zakutsogolo zinali zosatseka, madzi analowa mmene mumakhala magalimoto, ndipo anthu 193 anafa. Madzi amene ali kunja kwa sitima sandiopsa kwenikweni, ondisowetsa tulo ndi amene alowa mkati n'kumayendayenda.

Tsiku lovuta linali Lachinayi. Ndinayamba ndi MV Bukoba, yomwe inagubuduzika panyanja ya Victoria pafupi ndi mzinda wa Mwanza ku Tanzania pa 21 Meyi 1996 itadzaza mopyola muyezo. Opulumutsa anthu anaboola pansi pa sitimayo pofuna kutulutsa amene ankagogoda mkati, mpweya womwe unkaiyandamitsa n'kutuluka, sitima n'kumira. Kenako Le Joola ya ku Senegal, pa 26 Seputembala 2002, kuchokera ku Ziguinchor kupita ku Dakar. Inkayenera kunyamula anthu osapitirira 600, koma anafa ndi 1,863, kuposa a pa Titanic, opulumuka 64 okha.

Apa mtsikana wina wa ku Likoma anaimika mkono. "Aphunzitsi, nanga mayi wabwera ndi matumba a usipa, mwana kumsana, sitima ina ibwera sabata yamawa, ine ndimubweza bwanji? Mwinanso ndi azakhali anga."

Sindinafulumire kuyankha, chifukwa inenso ndili mnyamata ndinaimapo pamakwerero, n'kulola anthu asanu owonjezera poopa kutukwanidwa. Tinafika bwino tsiku limenelo, ndipo kufika bwinoko ndi kumene kumaononga munthu, chifukwa ulendo wotsatira umalola khumi. Ndinamuuza kuti azakhaliwo adzamukwiyira mwezi wathunthu, mwina mpaka kukamunenera kwa makolo, ndipo mkwiyo umenewo aulandire, ndi mbali ya malipiro ake. Sanakhutire, ndinaona pankhope.

Lachisanu tinatsikira kudoko kukayeserera. Kuvala jekete yopulumukira mwachangu ambiri anakhoza, ngakhale awiri anamanga zingwe molakwika moti m'madzi ikanawavuka. Kenako ndinawapatsa ntchito yowerenga anthu okwera bwato, nditanong'oneza anzawo atatu kuti azembere kumbuyo. Magulu awiri anapeza nambala yogwirizana ndi matikiti, osaona kuti m'bwatomo muli mitu yochuluka. Mtsikana wa ku Likoma uja anasiya matikiti, anawerenga mitu kawiri, kenako anakana kumasula chingwe mpaka atatuwo atatsika.