Batire limodzi pa chinkhoswe cha ku Chilomoni

Ndakhala ndikujambula kwa zaka 9, zinayi mwa izo pa studio yomwe ndikugwira panoyi, koma sindinapsepo mtima chifukwa cha chithunzi ngati mmene ndapsera lero. Ndikulemba usiku wa Lolemba, tulo takana.

Za masiku oyamba a sabata yathayi palibe chonena chambiri. Lolemba ndi Lachiwiri ndinali pa kauntala: zithunzi za pasipoti, za ma ID a ana asukulu, nsalu yoyera kumbuyo, "kwezani chibwano pang'ono," wina abwere. Lachitatu kunali msonkhano wa bungwe lina pa hotela ya m'tauni. Anthu pa matebulo, mabotolo a madzi, chithunzi cha gulu pa masitepe, banner ioneke bwino. Anzanga ojambula mukuidziwa ntchito imeneyi, manja amagwira okha mtima uli kwina.

Lachinayi nditaweruka ndinakwera minibasi ya ku Bangwe kukaona madala amene anandiphunzitsa kugwira kamera. Iwowa anayamba m'zaka za m'ma 1980, Yashica pakhosi, njinga yakapalasa, kuzungulira Ndirande ndi Bangwe, mwezi ukatha n'kupita ku maesiteti a tiyi ku Thyolo anthu akalandira. Kenako anagwira nthawi yaitali m'chipinda chamdima cha studio ina ku Limbe, kutsuka zithunzi ndi manja. Pano maso afooka, sajambulanso, koma ndimapitabe kukawaonetsa ntchito yanga chifukwa palibe wina amene amandiuza zoona.

Ndinatsegula laputopu n'kuyamba kuwaonetsa ukwati womwe ndinajambula mwezi watha. Zithunzi 1,800. Ndinkanyadira nambalayo. Anaona ngati 40 n'kundigwira dzanja.

"Mwana wanga, iweyo unalipo pa ukwatiwu?"

Ndinati, "Bambo, si ndine ndajambula zonsezi?"

"Kamera inalipo, ndaona. Ndikufunsa za iwe. Unaona chiyani chimene ena onse sanaone?"

Ndinasowa choyankha. Anatuma mdzukulu kuti abweretse chitini chakale cha mabisiketi momwe amasungamo ma negative, n'kukweza kachidutswa kamodzi poyang'ana kuwala kwa pakhomo. Anandikumbutsa kuti filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 basi, ndipo kasitomala ankalipira chokhacho chomwe chatuluka bwino. Ukadina mwachisawawa wadya ndalama yako ya ufa. Choncho munthu unkafika pamalo, kamera ili m'chikwama, n'kuyamba wayang'ana: kuwala kukuchokera kuti, mwini mwambo weniweni ndi ndani, amene akubisa misozi wakhala pati. Analibenso poonera kumbuyo kwa kamera. Unkadziwira m'mimba kuti ichi ndachigwira, n'kudikira masiku angapo kuti filimu itsukidwe.

Kenako anabwereza zomwe akhala akundiuza kuyambira tsiku loyamba, zoti kuwala uziyeza pa tsaya la munthu, osati pa diresi. Kamera ikaona diresi loyera imachepetsa kuwala, nkhope yakuda n'kumira. Iwo anazizindikira okha ndi maso m'chipinda chamdima. Ine ndinadzawerenga pambuyo pake kuti kuyambira m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza m'malabu otsukira zithunzi kadi yokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, yomwe inkatchedwa Shirley, kuti makina aziyezera mitundu pa khungu lake. Khungu lathuli silinali m'maganizo mwa opanga. Madala ndi anzawo ankachita kulimbana ndi filimu ndi pepala kuti nkhope ya Mmalawi ituluke mmene ilili, ndi kunyezimira kwake.

Lachisanu m'mawa ndinajambula awiri ena omwe akukonzekera ukwati, pa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Chiperoni chinali chitaphimba Ndirande yense, kuwala kofewa kopanda mithunzi, njerwa za 1891 zija zitafiira chifukwa cha chinyezi. Ntchito inayenda bwino, ndinabwerako wokondwa.

Madzulo ake ndi pomwe zinayambira. Studio yathu ili ndi makamera atatu ndi mabatire anayi, limodzi lotupa. Chichokereni Novembala 2023, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, nyimbo ya abwana ndi imodzi: zinthu zadula, forex kulibe. N'zoona zadula, tonse tikuona. Koma m'miyezi yomweyi agula sofa yatsopano ya pa reception ndi drone yomwe yauluka kawiri kokha, pomwe inverter inafa mu Epulo ndipo mpaka lero ili pakona yavala fumbi. Loweruka analandira ntchito zitatu. Mabatire abwino ndi wojambula wothandizira anapita ku ukwati waukulu wa mu holo. Ine anandipatsa chinkhoswe cha ku Chilomoni, ndekha, ndi batire limodzi. Magetsi anazima cha m'ma 7 koloko usiku batirelo lili pa chaja, ndipo m'mawa linali ndi timizere tiwiri. Nditawaimbira anangoti, "Ndi chinkhoswe chabe chimenecho, ukaona chochita."

Chinkhoswe chabe. Mawu amenewa anandiwawa njira yonse.

Ndinafika cha m'ma 11. Tenti ya buluu pabwalo la nyumba, mipando ya pulasitiki, DJ akuyesa jenereta, kuseri amayi akupakula mpunga. Aliyense amene wajambulapo pansi pa tenti ya buluu akudziwa zomwe imachita pa nkhope. Ndinaima pa geti n'kuwerengera. Ndikajambula monga ndimachitira masiku onse, kudina motsatizana n'kumayang'ana kumbuyo kwa kamera, sindifika ngakhale pa ankhoswe. Ndinazimitsa screen kuti isamayake ndikadina, ndinasiya live view (kujambula ukuonera pa screen), ndipo pakati pa zochitika ndinkazimitsa kamera yonse. Kwa mphindi ngati 20 sindinajambule kanthu. Ndinangozungulira, kupereka moni, kufunsa kuti akuchikazi akhala mbali iti, akuchimuna mbali iti.

Ndi pamene ndinawaona agogo ake a mkwatibwi. Sanali m'tenti. Anakhala pa mkeka pafupi ndi khitchini, atatsamira khoma, miyendo atatambasula, mpango wobiriwira kumutu. Pa masaya panali mphini zakale, timizere tating'ono titatu mbali iliyonse. Mayi wina anandinong'oneza kuti abwera dzulo kuchokera ku Ntcheu, ndipo ndi amene analera mtsikanayo kuyambira ali wakhanda. Pamalo pomwe anakhalapo kuwala kwa chiperoni kunkagwa kuchokera kumwamba, khoma la nyumba yoyandikana lopaka laimu n'kumakubweza pa nkhope yawo. Palibe softbox, nyali ya mu studio yofewetsa kuwala, imene ingapange zimenezo. Ndinayeza kuwala pa tsaya lawo, n'kusunga m'mutu manambala omwe kamera inaonetsa.

Mwambo unayamba. Pa perekaniperekani ndinkadina kamodzi kapena kawiri gulu lililonse likaitanidwa, ndikudikira kuti ndalama zikhale m'mwamba ndipo nkhope ya wovinayo itembenukire kwa ine. Kale ndikanadina maulendo 30 n'kukasankha kunyumba. Apa ndinkachita kumvetsera ng'oma ya nyimboyo kuti ndidziwe pomwe phewa litsike.

Itafika nthawi yotulutsa atsikana atafundidwa zitenje kuti mwamuna asankhe wake, anthu onse anaimirira, mafoni m'mwamba. Woyamba si iye, kuseka. Wachiwiri si iye. Wachitatu atamuvundukula, nthungululu zinang'amba tenti. Ndinadina kamodzi pa awiriwo, kenako ndinatembenuka.

Agogo aja anali atakweza dzanja kukamwa kuti alulutire, koma mawu sanatuluke. Dzanja linangoima pamenepo likunjenjemera. Misozi inatsika n'kudutsa pa mphini zija. Kamwana kena kanali katawagwira phewa, kakuwayang'ana modabwa. Ndinagwada pansi m'matope, ndinabweza manambala aja, ndinapuma, n'kudina kawiri. Sindinayang'ane kumbuyo kwa kamera. Ndinangodziwa, ndendende mmene madala ananenera. Manja anga ankanjenjemera kuposa a agogowo.

Zotsalazo ndinazitenga zonse zofunika: ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi, khasu ndi nkhwangwa mbali iyi, lichero ndi mthiko mbali inayo, malangizo, zithunzi za mabanja awiri panja pa tenti pomwe nkhope zimaoneka mtundu wake weniweni. Batire linafa ndikujambula gulu lomaliza la anzake a mkwatibwi. Zithunzi 287. Palibe mwambo ndi umodzi womwe umene unandiphonya.

Lamulungu ndinakhala nazo tsiku lonse. Ndinachotsa ubuluu wa tenti pa nkhope, osakhudza khungu. Mwa 287 ndinataya zosakwana 30. Sindibisa, iyi ndi ntchito yabwino kuposa ina iliyonse yomwe ndagwirapo, ndipo ndinapita nayo ku studio m'mawa uno mtima uli m'malo.

Abwana anayamba ndi nambala. "287 yokha? Anthu alipira ndalama zambiri, ukawapatsa zimenezi?" Za batire sanatchule. Anapereka foda kwa mnyamata wa pa kompyuta kuti aikemo preset ya studio, ija imawalitsa chilichonse. Ndinaima kumbuyo kwake ndikuona nkhope zikusanduka. Mkwatibwi, mtsikana wakuda bwino wosalala ngati nthudza, anatuluka wotuwa ngati wadzola phulusa. Atafika pa chithunzi cha agogo, mnyamatayo anayamba kusalaza khungu, mphini zija n'kumafufutika imodziimodzi.

Ndinamugwira mkono. Ndinati, "Achimwene, siyani. Zimenezo si zipsera."

Abwana anabwera, anayang'ana, n'kunena kuti chithunzicho chichoke mu album. Akuti kumbuyo kukuoneka miphika yakuda ndi khoma losapaka, zikunyozetsa dzina la studio. "Makasitomala amafuna kuoneka bwino, osati zakumudzi zakozi."

Ndikudziwa kuti alipo makasitomala amene amanena okha kuti "mundiwalitseko pang'ono." Ndakumana nawo ambiri, ndipo munthu akapempha yekha pa nkhope yake sindikangana naye. Koma banja ili silinapemphe. Palibe amene anawafunsa. Tikuwasankhira tokha kuti khungu lawo ndi cholakwika chofunika kukonza, ndiponso kuti mayi amene analera mkwatibwi sakuyenera tsamba mu album ya mdzukulu wawo chifukwa anakhala pafupi ndi miphika. Azungu a Kodak aja mwina sankatiganizira n'komwe. Ife tikuchita dala, ndi manja athu, pa anthu athu, tsiku ndi tsiku mu Blantyre muno. Zaka 20 zikubwerazi ana a banja limeneli adzatsegula album n'kupeza anthu otuwa omwe sanakhaleko.

Ndinanena zonsezi, mwina mokweza kuposa mmene wantchito amayenera kulankhulira. Yankho linali lakuti mafailo ndi a studio, ndipo ngati ndikufuna zaluso ndikatsegule yanga. Anawonjezera kuti aganizira zondidula allowance chifukwa cha kuchepa kwa zithunzi. Anthu amene ananditumiza ndi timizere tiwiri.

Masana ndinaimbira mayi ake a mkwatibwi n'kuwafotokozera kuti pali chithunzi cha amayi awo chomwe sichilowa mu album, ndipo ndikufuna ndiwatsukire ndi ndalama yanga. Anakhala chete kanthawi, kenako anati agogo abwerera ku Ntcheu Lamulungu likubwerali, ndiyesetse chifike asanapite. Abwana nditawauza anangogwedeza phewa, akuti bola pasakhale chidindo cha studio. Ndinapita ku labu ina ku Limbe n'kutsukitsa ziwiri za 8 by 12, ndipo ndinaima pambali pa wamakina kuti asawonjezere kuwala.

Chimodzi ndinapita nacho ku Bangwe dzuwa lisanalowe. Madala anatuluka nacho pakhonde, anachiyandikiza kumaso mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala. Anachiyang'ana nthawi yaitali osalankhula. Chala chawo chinayenda pa mphini zija pang'onopang'ono.

"Awa ndi a ku Ntcheu," anatero, ndisanawauze. Kenako, "Unayeza pa tsaya."

"Eya, bambo."

Anagwedeza mutu. Chala chinatsikira kumphepete kwa pepala n'kuima.

"Koma zala za kamwanaka wazidula. Ukanabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Unathamangira misozi, unaiwala kuyang'ana m'makona."

Ndinayang'ana, ndipo zinalidi choncho. Tsiku lonse la Lamulungu sindinazione. Anandipempha kuti ndiwasiyire chithunzicho, n'kuuza mdzukulu achiike pakhoma pamwamba pa wailesi.

Chinacho chili mu envulopu pano pa tebulo, ndikachipereka ku Chilomoni Lachitatu ndikaweruka. Loweruka likubwerali studio yalandiranso ntchito zitatu, ndipo ndawalembera kale abwana pa WhatsApp kuti popanda mabatire awiri odzaza sindinyamuka. Awerenga, sanayankhe.