Lachinayi: kompyuta ya Ankolo yafa, lole ikunyamuka mawa

Foni inandidzutsa 6 koloko isanakwane. "Mphwanga, bwera msanga, makina aja sakuyaka." Ankolo akati makina amanena kompyuta ya mu ofesi mwawo ku Fordsburg, momwe amalembamo katundu amene anthu a kuno ku Joni amatumiza kumudzi: mwini wake, womulandira ku Blantyre kapena ku Mzuzu, makatoni angati, walipira kapena ayi. Lole ikunyamuka mawa kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda mpaka pa Mwanza, ndiye mutha kuona mmene mtima wawo unalili.

Ndinakwera taxi ku Rosettenville, kutsika m'tauni, kukweranso ina. Nditafika ndinayatsa kompyutayo n'kutchera khutu. Tiki, tiki, tiki, kenako zii. Hard drive, disiki yosunga zonse za mu kompyuta, ikakhala ya mtundu wakale imakhala ndi timbale tozungulira mkati ndi kamutu kowerengera, ndipo ikayamba kugogoda chonchi maliro ayandikira. Ngakhale mu BIOS, kapulogalamu koyamba kudzuka kamene kamaonetsa zida zomwe zili mu kompyuta, disikiyo sinkaoneka. Ankolo anati ndi magetsi, poti dzulo anathima kawiri. Ine ndikuganiza kuti ndi ukalamba chabe, koma sindinawatsutse.

Mwayi wake, masabata atatu apitawo ndinawakakamiza kuti tipange image ya disiki yonse ndi Clonezilla, pulogalamu yaulere ija ya ku Taiwan. Tsiku limenelo ankadandaula kuti ndikuwachedwetsa ntchito. Kukopera mafayilo pa fulashi kuli ngati kutulutsa mipando m'nyumba. Image imanyamula nyumba yonse ndi maziko omwe: Windows, mapulogalamu, driver (kapulogalamu koyendetsa chida) wa printer yawo yovuta ija, ngakhale kachigawo kobisika kamene kamadzutsa kompyuta. Tinaisunga pa external drive, disiki yapadera yolumikiza kunja kwa kompyuta, yomwe Anti anaitsekera mu dirowa.

Apa ndiye ndinadzipusitsa ndekha. Ndinapita kukagula SSD, disiki ya makono yopanda timbale tozungulira, ndipo poona kuti ya 480GB ndi yotchipirapo ndinatenga imeneyo. Ndinaimangirira, kulowetsa fulashi ya Clonezilla, kudina batani la F12 kuti kompyuta idzukire pa fulashiyo, kusankha restoredisk, lamulo lobwezera image pa disiki. Inakana. Disiki yakale inali ya 500GB, ndipo Clonezilla imafuna kuti yatsopano ikhale yofanana kapena yoposa yakale, zilibe kanthu kuti zinthu za Ankolo sizinkakwana ngakhale 100GB. Njira zozembera zilipo, koma lero silinali tsiku loyesera nzeru. Ndinabwerera kusitolo dzuwa lili pamutu. Wogulitsa anang'ung'udza kuti paketi ndatsegula kale, tinakambirana, ndinawonjezera ma Rand pang'ono n'kutenga ya 512GB.

Ulendo wachiwiri zinayenda. Pamene ndimasamala kwambiri ndi posankha disiki yolembapo, chifukwa mayina ake ndi sda, sdb basi, ndipo ukasankha yolakwika ufufuta zimene sumafuna kufufuta. Pulogalamuyo imakufunsa kawiri ngati watsimikiza. Ndinawerenga katatu.

Podikira, Anti anabweretsa nsima ndi usipa umene dalaivala anabwera nawo ulendo wathawu. Tisanasambe m'manja kachiwiri ntchito inali itatha. Ndinazula fulashi, kuyatsanso, Windows n'kutulukira ndi chithunzi cha mdzukulu wawo pa sikirini monga mwa masiku onse, komanso mwachangu kuposa kale. Ankolo anawomba m'manja. "Sukulu ija sinapite pachabe!"

Kenako anatsegula Excel, pulogalamu imene amalembamo mndandanda wa katundu.

Mndandanda unathera pa tsiku lomwe ndinapanga image. Za masabata atatu kunalibe, kutanthauza pafupifupi katundu yense wa lole ya mawa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Paja unati zonse zibwerera?"

"Zabwerera, Ankolo, koma mmene zinalili tsiku lija. Zimene munalemba pambuyo pake zatsalira mu yakufayi."

Kunena zoona mlandu wina ndi wanga. Ndinawapangira image n'kuchoka, osawaonetsa kuti kafayilo ka Excel kameneka, kamene kamasintha tsiku ndi tsiku, azikakopera pa fulashi kapena pa Google Drive akamaweruka.

Anti sananene kanthu. Anangotsegula chikwama n'kutulutsa kope lawo lachikuto cholimba, lomwe Ankolo amaliseka kuti ndi la kugolosale ya kumudzi. Munali dzina lililonse la amene anasiya katundu iwo alipo. Otsalawo tinawafufuza m'mauthenga a WhatsApp, momwe anthu amatumiza umboni woti alipira. Anti ankawerenga, ine ndikulemba, Ankolo ali m'nyumba yosungiramo katundu kufuula zimene zalembedwa pa makatoni. Tinamaliza cha m'ma 8 usiku, ndipo ndinapanga image yatsopano ndisanatseke.

Chatsala ndi firiji imodzi yokulungidwa m'bulangete. Mu kope mulibe, pa WhatsApp palibe. Pambali pake anangolemba ndi maka kuti "Amayi, Area 25", opanda nambala. Ankolo akuti ikwera ndithu mawa, mwini wake adzaimba yekha lole ikadzafika ku Lilongwe.