Usiku wa ku Namugongo umene ndinawerenganso mokweza

Za msewu sindinena zambiri. Masiku atatu m'basi kudutsa dziko la Tanzania, miyendo kutupa, kenako kudikira pa chipata cha Mutukula mpaka dzuwa kupendeka. Khadi ya katemera wa yellow fever muziisunga pafupi, ife ku Uganda anatifunsa. Mnzathu wina anaisiya m'chikwama chimene chinali pansi pa katundu yense, ndiye basi yonse inaima kudikira iye yekha.

Ku Namugongo, kumene anaphedwera amaritiri a ku Uganda, ndinapita chifukwa anzanga a mu mphakati anandiumiriza. Panali patatha chaka ndi miyezi iwiri chimwalirire bambo a kunyumba kwanga, ndipo chichokere kumanda pakamwa panga panali pouma. Ku Misa ndinkapita, kugwada ndinkagwada, koma mawu osatuluka. Ine amene ndinkawerengera mpingo mawu a Mulungu Lamulungu, Baibulo ndinali nditalikweza pamwamba pa kabati.

Tinafika pa 2 June masana. Misewu yoyandikira malowa amaitseka, choncho musanyengedwe ndi wa boda boda (kabaza wa njinga yamoto) wokulonjezani kuti akakutulani pageti. Wathu anatenga 10,000 shillings, n'kutisiya patali ndithu, ife zikwama pamutu. Pageti mzere wosechedwa, kuchimbudzi mzere, pogula chapati ya mazira imene amaitcha rolex mzerenso. Tengani mkeka ndi pepala la pulasitiki, chifukwa mugona panja.

Tchalitchi chake n'chozungulira ngati nyumba yaudzu, choimikidwa pa mizati 22, chiwerengero cha amaritiri achikatolika. A Anglican analipo 23 ndipo malo awo ali chapafupi, ku Nakiyanja. Pa 3 June 1886 Karoli Lwanga ndi anzake anatenthedwa kuno molamulidwa ndi Kabaka Mwanga II, mfumu ya Buganda, ndipo Kizito, wamng'ono pa onse, anali wa zaka pafupifupi 14. Papa Paulo VI anawatchula oyera achikatolika 22 aja mu 1964, n'kudzafika yekha mu 1969. Akatekisiti athu akufotokoza zonsezi, ine maganizo anali pa amayi ake a Kizito. Za otsala sitikamba kawirikawiri.

Cha m'ma 11 usiku mvula inayamba kuwaza. Tinathithikana pansi pa tenti imodzi ndi amayi ochokera ku Lira, amene anayenda pansi makilomita oposa 300. Mapazi awo anali omangidwa nsanza. Iwo anali ndi dongosolo lawo: ndime imodzi, aliyense awerenge m'chinenero chake. Agogo ena anaona Baibulo likusuzumira m'chikwama changa (analiikamo ndi mnzanga, ine osadziwa), n'kuliloza.

"Soma, mama."

Ndinapukusa mutu. Akatekisiti anandiyandikira n'kunong'ona: "Amayi, musadzikakamize. Koma mukafuna, tochi ndikugwirirani ine."

Ndime anasankha ndi agogowo, Salimo 88. Mdzukulu wawo anatiuza m'Chingerezi kuti ana awo awiri anatha pa nkhondo ya kumpoto kwa Uganda, ndipo salimo limeneli ndi limene amapempha chaka chilichonse. Linamveka m'Chilango, chinenero cha ku Lira, kenako m'Chiganda, kenako bambo wina wa ku Tanzania m'Chiswahili. Kenako zii. Onse maso kwa ine.

Ndinatsegula. Mawu anatuluka osasa ngati a munthu wodwala chifuwa. Nditafika pamene wolembayo akudandaula kuti Mulungu wamuchotsera abwenzi ake, pakhosi panatseka. Apa ndi pamene ndimafuna mumve bwino. Palibe anandilanda bukulo kuti amalize m'malo mwanga. Palibe anayambitsa nyimbo yophimba kulira kwanga. Agogo aja anangoika dzanja pa bondo langa, tochi ili chiunikire, mvula ikugunda tenti. Anadikira mpaka ndinapeza mpweya, n'kupitiriza mzere ndi mzere.

Salimo limeneli silitha ndi chitonthozo. Masalimo ambiri a madandaulo amatembenukira ku chiyamiko kumapeto, koma ili limathera mu mdima. Ndipo palibe anaimirira kuti alikonze ndi ulaliki. Ndinene mosabisa: chimene chinanditsekera pemphero si imfa yokha ayi, komanso changu cha anthu okonda. "Limbani mtima." "Chinali chifuniro chake." "Musalire ngati osakhulupirira." Amanena ndi mtima wabwino, ndikudziwa, koma ine ndinkamva kuti kwa Mulungu ndiyenera kupita nditapukuta kale misozi, ndiye ndinangoleka kupitako. Pansi pa tenti ija ndinaona kuti dandaulo langa linali lolembedwa kale m'buku lomwelo, ndipo anthu atatu analinena patsogolo panga popanda manyazi.

Titamaliza, aliyense anatchula mayina a akufa ake, enafe n'kumayankha Ambuye muwachitire chisoni, yense m'chinenero chake. Agogo anatchula awiri. Ine ndinatchula limodzi, mokweza, koyamba chiikire maliro. Kenako kolona, ndipo ndinapezeka ndikuyankha nawo mpaka tulo tinandiba ndili chikhalire.

Misa ya m'mawa sindinaione kwenikweni. Guwa lili pakati pa dziwe, khamu linali losayamba, ndipo ife tinangomvera pa zokuzira mawu dzuwa likuswa mtengo. Anthu amatunga madzi a pamenepo m'zigubu kupita nawo kwawo, ndipo ogulitsa zigubu tsiku limenelo amakweza mtengo mopanda chisoni, choncho bwerani ndi chanu. Amayi a ku Lira ndinawafunafuna kuti nditsanzike, osawapeza.

Kulira sikunathe, pobwerera ndinaliranso tisanafike n'komwe ku Masaka. Koma m'bandakucha wa tsiku lachiwiri, akatekisiti atafunsa m'basi kuti atiwerengere ndani, Baibulo linali kale pamiyendo panga, ndipo ndinati, "Bambo, bweretsani tochi ija."