Ngongole ya Sienta ndinabweza, koma blue book inandiyendetsa ku Lilongwe katatu

Lachinayi lapitali ndi pomwe ndinaigwira koyamba m'manja blue book, buku la umwini, ya galimoto ya Sienta yomwe ndakhala ndikulipira kuchokera mu 2022. Ndinakhala nayo maola atatu okha, pofika madzulo inali kale m'chikwama cha mwini wake watsopano. Ndikulemba mtima usanazizire, chifukwa kuno ku Salima tilipo ambiri amene tinatenga galimoto pa ngongole poganiza kuti izidzilipira yokha, ndipo ndikudziwa kuti ena mukulingalira zoigulitsa ngongoleyo isanathe monga ndachitira ine.

Galimoto ya ngongole si yanu. Makiyi ndi anu, mafuta ndi anu, tayala likaphulika pa Khombedza ndi lanu, koma buku limakhala ku banki ndipo dzina la banki lili m'kaundula wa galimotoyo. Umwini sungasinthe mpaka iwo atalemba kalata yoti achotsapo dzanja.

Wogula sanavute kupeza, anali bambo wina wa ku Nkhotakota wochita bizinesi ya mpunga. Tinamvana K8 miliyoni, ndipo tinalemberana pamaso pa mboni ziwiri kuti gawo la banki aike yekha mu akaunti ya ngongole, zotsalazo adzandipatse buku likatuluka. Apa ndiye chitani chomwecho. Ndalama zonse mukazilandira m'manja, pakhomo pali fizi, pali feteleza, pali maliro, zimayamba kutha musanafike pa kauntala.

Mavuto anayambira pa kapepala. Ndinapita ku nthambi ya banki yanga Lolemba n'kufunsa mnyamata wa pa desiki ya ngongole kuti kwatsala zingati kuti nditseke. Anayang'ana pa kompyuta, n'kulemba pa kapepala kong'amba kuti K1,846,000. Popanda deti, popanda chidindo, popanda siginecha. Ine ndinatenga. Wogula anatumiza ndalama Lachisanu kuchokera ku banki ina, ndipo zinaoneka mu akaunti Lachiwiri sabata yotsatira. Zomwe sanandiuze n'zoti chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndiye kuti nambala ija inali ya Lolemba lomwelo basi. Sanandiuzenso kuti pali chindapusa chobwezera ngongole nthawi isanakwane. Chilipodi mu mgwirizano womwe ndinasaina, ndachipeza pa tsamba lachinayi, koma munthu amene ntchito yake ndi imeneyo akanataya chiyani kundikumbutsa?

Choncho musalandire nambala ya pakamwa kapena ya pakapepala. Pemphani kalata yeniyeni ya banki yonena ndalama zotsekera ngongole, tsiku lomaliza lomwe nambalayo ikugwira ntchito, chiwongoladzanja cha tsiku limodzi, ndi chindapusa chilichonse. Pakhale deti, chidindo ndi dzina la wosaina.

Ku nthambi anati buku sasunga kuno, lili ku ofesi yawo ya ngongole ku Lilongwe. Ulendo woyamba ndinapita ndekha pa minibasi, ndipo kumeneko ndi komwe ndinamva kuti akaunti sinatsekedwe, kwatsala K41,300. Ndinalipira pomwepo, akuti dikirani masiku asanu ogwira ntchito. Sindinakangane nawo, ndinati mwina ndi mmene zimakhalira.

Ulendo wachiwiri ndi umene ukundiwawabe mpaka pano. Ndinayamba ndaimba foni, mayi wina anandiyankha kuti zonse zakonzeka, mubwere Lachitatu. Ndinauza wogula uja, ananyamuka ku Nkhotakota m'bandakucha. Ine usiku wonse wa Lachiwiri ndinagona pa mzere wa mafuta pa Kamuzu Road, chifukwa tinkafuna kupita ndi galimoto yomweyo kuti tikatuluka ku banki tikasinthiretu umwini. Makilomita pafupifupi 100, kukwera zitunda zonse zija za msewu wa M14, petulo wa K2,530 pa lita nthawi imeneyo, wopezekanso movutikira. Tinafika asanatsegule. Anatikhazika pa mpando mpaka 11 koloko, kenako akuti kalata ilipo koma imafunika anthu awiri osaina, wachiwiriyo ali pa msonkhano. Tinadikira. Nkhomaliro inadutsa, ife osadya kuopa kuti angatiitane titachoka. Itakwana 3 koloko mayi yemwe uja anabwera n'kunena motsitsa mawu kuti bwanayo sali mu ofesi sabata yonse, ali ku maphunziro ku nyanja. Ndinafunsa kuti nyanja yake iti. Akuti ku Senga Bay.

Ku Senga Bay! Munthu amene ndamulondola ku Lilongwe ali kwathu komwe ndachokera, mtunda woti ndikanapita pa kabaza wa njinga yamoto. Ndipo mayiyo ankadziwa kuyambira m'mawa. Akanandiuza pa foni Lolemba, kapena 8 koloko titangofika, bwenzi titapulumutsa theka la tsiku. Ndinawafunsa kuti, “Mayi, munatisungiranji pa mpando tsiku lonse?” Yankho lake linali loti pepani, ndimayesa apezeka wina wosaina m'malo mwawo.

Chinandipweteka kwambiri si mafuta. Tili m'galimoto pobwerera, chapa Mvera, bambo wa ku Nkhotakota uja anakhala chete nthawi yaitali kenako anati, “Achimwene, mundiuze zoona. Galimotoyi ilibe ngongole ina kwinakwake?” Sindimuimba mlandu. Munthu watulutsa ndalama pafupifupi K2 miliyoni, m'manja alibe buku, alibe galimoto. Koma ine sindinabepo cha munthu, ndipo tsiku limenelo ndinaoneka ngati tambwali chifukwa cha siginecha imodzi.

Ena andifunsa kuti wagulitsiranji pomwe kunangotsala miyezi 10. Ndiyankhe pano. Pamene ndinkaitenga, mtengo unali K6.5 miliyoni. Ndinaika K1.5 miliyoni yomwe tinasunga ndi mayi a kunyumba kuchokera ku bizinesi yawo ya usipa, banki inawonjezera K5 miliyoni yobweza pa zaka zitatu, K191,000 pa mwezi. Maganizo anali oti mkati mwa sabata dalaivala azinyamula anthu pakati pa Salima ndi Nkhotakota, Loweruka ndi Lamulungu ikhale ya banja. Pa pepala zinkatheka. Koma ndinawerengera kwacha ya nthawi imeneyo, itangotsika kumene ndi 25 peresenti mu May 2022, ndikuganiza kuti zathera pomwepo. Mu November 2023 inatsikanso ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja: matayala, oyilo, mabuleki, mafuta amene. Msewu wa M5 mukuudziwa nokha, maenje ake amadya mashoko ndi mabushi ngati chimanga chokazinga. Mwezi uliwonse galimoto inkagona kwa makaniko masiku angapo, masiku ena pa mzere wa mafuta, ndipo banki siidziwa zimenezo, ikafika deti imadula.

China chomwe sindinachimvetse posaina n'choti chiwongoladzanja changa sichinali chokhazikika. Reserve Bank ikakweza chake, mabanki amatsatira, ndipo pofika mu 2024 cha Reserve Bank chinali pa 26 peresenti. Ine ndinangoona kuti akudula K212,000 m'malo mwa K191,000. Onjezani inshuwalansi ya comprehensive (yolipiranso galimoto yanu yomwe ikawonongeka) yomwe banki imakakamiza chaka chilichonse bola ngongole ilipo, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu), ndi malipiro a dalaivala. Usiku wina tikuwerengera ndalama ya fizi ya mwana wathu wa Fomu 3, mayi a kunyumba anati, “Abambo, galimotoyi tikudya nayo mbale imodzi, koma ikudya kuposa ana.” Ndinasowa chowayankha.

Sindikunena kuti inalibe phindu. Mayi anga atadwala usiku inawafikitsa ku chipatala nthawi yabwino, ndipo chimenecho sindichiiwala. Koma amene akundiuza kuti ndapindula chifukwa ndinagula K6.5 miliyoni n'kugulitsa K8 miliyoni atenge cholembera. Ndalama yoyamba ija, kuphatikiza zomwe anadula miyezi 26, kuphatikiza zotsekera, zikupitirira kale K8.5 miliyoni, tisanawerenge inshuwalansi ndi makaniko. Ndipo K8 miliyoni ya lero siigula matumba a simenti omwe K6.5 miliyoni ikanagula mu 2022. Ngati malipiro anu sangathe kubweza ngongoleyo galimoto itaima mwezi wathunthu, kwa ine musaitenge. Ndalama za taxi zisakhale maziko a ngongole.

Ndibwerere ku buku. Ulendo wachitatu ndinasintha kachitidwe. Ndinalemba kalata ya dandaulo, n'kukaipereka kwa manijala wa nthambi ya kuno, kope lina anandidindira n'kundibwezera. Ndinawauza kuti sindinyamukanso mpaka nditaona chithunzi cha kalata yosainidwa ndi onse awiri pa WhatsApp, ndi dzina la munthu amene akandipatse buku. Chithunzicho chinabwera patatha masiku awiri. Ndibwerezenso, chilichonse chikhale cholembedwa, chokhala ndi deti ndi chidindo. “Mubwere Lachitatu” wa pa foni si umboni.

Mukalandira, onani kuti muli ndi zinthu zitatu: blue book, kalata yoti ngongole yatha, ndi kalata yololeza kuchotsa dzina la banki pa galimotoyo. Onaninso nambala ya chasisi pa kalatayo ngati ikufanana ndi ya m'buku musanatuluke pakhomo. Ku Road Traffic kunatiyendera bwino. Tinapita tonse awiri, aliyense ndi chiphaso cha unzika ndi traffic register card yake (khadi losonyeza kuti munthu analembetsa ku Road Traffic), COF ndi inshuwalansi zili zamoyo, tinalipira n'kusunga malisiti. Madobadoba akukupezani panja musanatsike n'komwe m'galimoto, ife tinawakana ndipo tinamaliza tokha.

Ndatsala pang'ono kuiwala, ndipo ichi n'chachikulu. Pakati pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu mwezi unatha, ndipo banki inadulanso K212,000 pa malipiro anga, ngongole itatha kale. Akuti lamulo lodula silinaimitsidwe chifukwa akaunti inali isanatsekedwe mokwanira. Ndiye tsiku lomwe mukulipira zotsekera, lembaninso kalata yoimitsa kudulako, ndipo ngati amadula kudzera kuntchito kwanu, kaperekeni kope kwa a malipiro. Pitaninso ku kampani ya inshuwalansi mukawauze kuti galimoto yagulitsidwa, mufunse ngati pali chobweza pa miyezi yotsala. Kalata yoti ngongole yatha ija isungeni ngati chiphaso cha ukwati, chifukwa mabanki amatumiza mbiri ya ngongole zathu ku mabungwe osunga mbiri zotere, ndipo tsiku lina mukadzafuna ngongole ina mudzafunika umboni.

K212,000 yanga sinabwerebe. Anandilonjeza masiku 14, ndipo ulendo uno lonjezolo ndili nalo pa pepala lodinda. Akwana Lolemba likubwerali. Ndikapeza mu akaunti mulibe, ndikulembera a Reserve Bank, amene amalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, ndipo makope onse ndawaika kale mu envelopu.